Amayi anga ndinayamba kuwamva ndili ku Milano

Kwa zaka zinayi zoyamba ndili kuno ku Italy, foni iliyonse yomwe ndinkaimbira amayi ku Balaka inkatha mphindi zisanu zisanakwane. Mwadzuka bwanji, mwendo uja uli bwanji, mvula yagwa kodi, ndalama ndatumiza mukaone, mupereke moni kwa onse. Iwo amvekere, "Zikomo mwananga, Mulungu akudalitse, uzivala zofunda kozizirako." Basi. Ndinkadula foni mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti ndacheza ndi mayi wanga. Kukondana tinkakondana, pamenepo palibe angatsutse. Koma mukanandifunsa kuti amayi ako ali mtsikana ankalakalaka chiyani, kapena tsiku lowawa kwambiri pamoyo wawo linali liti, ndikanangoti kakasi.

Ndikudziwa kuti tilipo ambiri otere, ku Joni, ku UK, kuno, ngakhale amene ali ku Lilongwe komweko. Makolo athu anasanduka anthu owatumizira ndalama. Amene ananditsegula makutu ine ndi gogo wina wa ku Milano ndi mabuku ake, ndiye ndati ndilembe momwe zinayendera, ndi pomwe ndinaphonya, mwina wina zimuthandiza makolo ake akadali moyo.

Ntchito yanga kuno amaitcha badante. Umakhala m'nyumba ya munthu wokalamba, kumusambitsa, kumuphikira, kumumwetsa mankhwala, kugona chipinda choyandikana naye kuti akatsokomola usiku umve. Ambiri ogwira ntchitoyi ndi amayi ochokera ku Ukraine, Romania, Moldova, Peru ndi Philippines. Agogo amene ndinkawasamala anali ndi zaka 80 pomwe ndinkalowa m'nyumba mwawo kumapeto kwa 2019, maso atayamba kale kufooka. Anayamba ntchito pafakitale ya nsalu ali ndi zaka 14. Dzina lawo ndisunga, ndizingoti agogo.

Mkangano wathu woyamba unali wa liwu limodzi. Chitaliyana chili ngati Chichewa: pali tu, amene ndi "iwe", ndi Lei, amene ndi "inu" waulemu. Ine ndinkati Lei, monga mwana woleredwa. Iwo anakana. Anati, "Ukamanditchula Lei ndiye kuti ine ndine bwana, iwe wantchito. Wantchito sauza bwana zoona. Ine ndikufuna munthu woyankhula naye." Ndinawafotokozera kuti kwathu kunena "iwe" kwa munthu wa imvi ndi mwano woti akuluakulu amakukhalira pansi. Anamvetsa, koma sanagonje. Panapita miyezi itatu kuti tu atuluke pakamwa panga, ndipo mwaona kuti polemba Chichewa dzanja likukanabe mpaka lero.

Mu March 2020 boma linatitsekera m'nyumba chifukwa cha Covid, ndipo dera lathu la Lombardia ndi lomwe linavutika kwambiri. Ma ambulansi ankangolira usana ndi usiku. Ana a agogo analeka kubwera. Tinatsala awiri. Iwo anati zoterezi si zachilendo kuno, m'buku la Boccaccio, wolemba wakale wa ku Italy, akazi asanu ndi awiri ndi amuna atatu anathawa mliri wa mu 1348 ku Firenze n'kumafotokozerana nthano masiku khumi, ndiye ifenso tisangokhala duu. Tikadya masana ndinkateleka khofi mu moka, kaketulo kophikira khofi, iwo n'kundilozera buku pashelefu, ine n'kumawawerengera mokweza, iwo akundikonza katchulidwe.

Buku loyamba linali Lessico famigliare la Natalia Ginzburg, lomwe linatuluka mu 1963 n'kupata mphoto ya Strega chaka chomwecho. Mutu wake ukutanthauza mawu a m'banja, timawu tija timangomveka kwa anthu a nyumba imodzi. Mayiyu anakulira ku Torino. Bambo ake, Giuseppe Levi, anali pulofesa wa za thupi la munthu, wokonda kukalipira ana patebulo ndi mawu akeake, pomwe mayi ake ankabwereza nkhani zomwezomwezo zaka ndi zaka. Inali nthawi ya Mussolini, amene ankalamulira Italy mwankhanza. Mu 1938 kunabwera malamulo osala Ayuda, ndipo mwamuna wa Natalia, Leone Ginzburg, anafera m'ndende ya Regina Coeli ku Roma mu 1944 atazunzidwa. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti imfa imeneyi amaidutsa m'mizere yochepa, koma timawu ta patebulo amatipatsa masamba ndi masamba. Kwawo kwa Natalia anabadwa ana asanu, anabalalika m'mizinda yosiyana, sankalemberana kawirikawiri, koma wina akangotchula kamodzi mwa timawu tija, onse ankabwerera kuubwana nthawi yomweyo.

Nditawerenga pamenepo agogo anandiimitsa. "Kwanu mumati chiyani?"

Sindinavutike kukumbukira. Amayi akamatifulumizitsa, kaya kutchalitchi, kaya kusukulu, kaya kuchigayo, ankati, "Tiyeni, Rivirivi asanadzaze." Ankanena ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo, mtsinjewo uli mchenga wokhawokha, ngakhale komwe tikupita kulibe mtsinje woti tiwoloke. Ife tinkangoseka. Achimwene anga amawauza ana awo mawu omwewa ku Joni akamachedwa kukwera takisi.

"Chifukwa chiyani mtsinje umenewo?"

Ndinati sindikudziwa, ndi kayankhulidwe kawo chabe.

"Unawafunsapo?"

Ndinali ndi zaka 35, ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti mawuwa ali ndi kochokera.

Masiku otsatira agogo anandiuza komwe anaphunzira kufunsa kotere. Mu 1970 ku Roma amayi atatu, Carla Lonzi, Carla Accardi ndi Elvira Banotti, analemba chikalata cha gulu lotchedwa Rivolta Femminile. Gululi ndi ena ofanana nalo ankachita chomwe ankachitcha autocoscienza: akazi ochepa kukumana m'nyumba ya mmodzi mwa iwo, popanda mwamuna, popanda mtsogoleri, aliyense n'kumanena za moyo wake. Agogo sanali m'gulu lotchukalo, anati amenewo anali ophunzira, iwo anali wa kufakitale. Njira yawo inali ina. Mu 1973 mabungwe a ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo anakakamiza mabwana kuvomera kuti wantchito azipatsidwa maola 150 olipidwa oti akaphunzire, ndipo maphunzirowo anangotchedwa 150 ore. Posakhalitsa analowamo ogwira ntchito zina, ngakhale amayi apakhomo amene sukulu anailekeza ali aang'ono. Agogo analowa ali ndi zaka 38. Akaweruka, amayi asanu ndi atatu a m'kalasi mwawo ankakumana Lachinayi lililonse m'khitchini ya mmodzi wa iwo.

Lamulo lawo linali limodzi, partire da sé, kuyambira pa iwe mwini. Sunkaloledwa kunena kuti "akazi amavutika". Unkanena kuti "ine dzulo ndinavutika motere". Ndipo mnzako akamaliza, sunkamulangiza. Ukafuna kuyankha, unkanena zomwe nkhani yake yadzutsa mwa iwe.

Apa ndi pomwe ndinayamba kuona kwathu ndi maso ena. Ife malangizo tili nawo ochuluka. Tili ndi anankungwi, ankhoswe, amayi a kutchalitchi, tsopano ma bridal shower. Mtsikana amakhala pamphasa mutu uli pansi, akuluakulu akuyankhula, iye n'kumangoti "eya". Sindikunyoza zimenezi, zina zinandithandiza. Pamtondo ndi pachitsime amayi amaulula zakukhosi, koma amazikulunga m'nyimbo ndi nthabwala, kuti zikafika polemera athe kunena kuti ndimangoimba. Koma malo oti mayi wamkulu anene nkhani yake yonse mosabisa, wina n'kumangomva osamuuza chochita, ine sindinawaonepo. Agogo anati kwa iwonso kunalibe. Lamulo lololeza kuthetsa banja linangobwera mu 1970, ndipo mu 1974 ena anafuna kulichotsa kudzera mu referendamu, koma anthu pafupifupi 59 pa 100 aliwonse anati likhale. Lamulo lonena kuti mwamuna ndiye mutu wa banja linasinthidwa mu 1975. Lina lochepetsa chilango kwa wopha mkazi ponena kuti wamuchotsera ulemu linakhalapo mpaka 1981. Amayi a m'khitchini muja ankayankhula ali pakati pa zimenezi.

Nkhani yomwe inandikhudza koposa ili m'buku lomwe amayi a Libreria delle donne, sitolo ya mabuku ya akazi yomwe inatsegulidwa ku Milano mu 1975, anatulutsa mu 1987. Ndi ya amayi awiri a maphunziro a 150 ore, Amalia ndi Emilia. Emilia ankafotokoza za moyo wake mobwerezabwereza mpaka anzake kutopa naye, koma kulemba sankatha kuzilongosola. Amalia anali ndi luso la cholembera. Tsiku lina anangotenga zonse zomwe anamva kwa mnzake, n'kuzilemba bwinobwino, n'kumupatsa. Emilia ankayenda nazo m'kachikwama kake, n'kumaziwerenga akulira. Anamwalira ali ndi zaka 53. Katswiri wa filosofi, Adriana Cavarero, anabwerera pankhaniyi m'buku lake la mu 1997, ndipo mfundo yake ndi yakuti munthu amalakalaka kumva mbiri yake kuchokera pakamwa pa wina, chifukwa yekha sangadzione yense.

Nditatseka bukulo ndinazindikira kuti Emilia ndinali naye m'nyumba. Agogo anali ndi nkhani imodzi yomwe ankaibwereza, ndipo ana awo akaimba foni ankawadula, amvekere, "Mamma, munanena kale zimenezo." Inali ya usiku woyamba womwe anapita kusukulu. Pobwera anapeza amuna awo akhoma chitseko mkati. Anagogoda, osatsegula. Anagona pamasitepe, kope lili pachifuwa. M'mawa chitseko chitatsegulidwa analowa, n'kuwatelekera amuna awo khofi monga mwa masiku onse, n'kupita kufakitale, madzulo n'kupitanso kusukulu.

Ndinagula kope, n'kuilemba nkhaniyo m'Chitaliyana changa. Ndinailemba mwaulemu. Ndinachotsa zobwereza, ndinachotsa mawu otukwana omwe ankatchula akafika pachitseko, ndinachotsanso za khofi chifukwa ndinkaona ngati zikuwachepetsa, mkazi wagona pamasitepe n'kudzukanso kutumikira womutsekera. Nditawawerengera anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Mayi ameneyu ndi wabwino, koma si ine. Khofi uja wamusiya kuti? Nkhani yonse ili pa khofiyo. Ndinamutelekera manja akunjenjemera ndi mkwiyo, ndipo anamwa akudziwa kuti madzulo ndipitanso."

Zinandipweteka, chifukwa ndinalemba ndi mtima wonse. Koma ananena zoona. Ndinali nditawakonza kuti afanane ndi mkazi amene ine ndinkafuna akhale. Ndi pamene anandiuza za Carla Lonzi asanakhale womenyera ufulu wa akazi. Anali wolemba za zojambulajambula, ndipo buku lake la mu 1969, Autoritratto, linapangidwa kuchokera ku macheza omwe anajambula pa tepi ndi amisiri 14. Anasiya kuyankhula kwawo momwe kunalili, ndi kudodoma komwe. Mmodzi, Cy Twombly, sanayankhe mafunso ake, ndipo Lonzi anaika mafunsowo m'bukumo opanda mayankho. Tsiku lotsatira ndinaika foni patebulo pafupi ndi shuga, ndinapempha chilolezo, n'kuwajambula mawu. Ndinalemba liwu ndi liwu, kutukwana ndi khofi yemwe. Ulendo uno anati, "Eya." Kopelo anakana kulisunga, anati ndisunge ine, mwana wawo wamkazi akadzalifuna yekha ndidzamupatse.

Ndiye ndinatembenukira kwa amayi anga, ndipo ndinalakwitsa kawiri.

Koyamba ndinafunsa pa Khirisimasi, pa foni ya kanema, pakhonde padzaza azakhali, adzukulu ndi alamu. "Amayi, za Rivirivi zija zinachokera kuti?" Anthu anaseka, iwonso anaseka, amvekere, "Aaa, zakale zimenezo, wadya kodi kumeneko?" Nkhani n'kuthera pomwepo. Agogo atamva anandionetsa filimu ya Pier Paolo Pasolini yotchedwa Comizi d'amore. Mu 1963 bamboyu anayenda dziko lonse la Italy ndi maikolofoni, m'magombe a nyanja, pamakomo a mafakitale, m'midzi ya kumwera, akufunsa anthu wamba za chikondi, ukwati ndi kutha kwa mabanja. Yang'anani nkhope zawo mukadzaionera. Munthu akafunsidwa, khamu lamuzinga, maso amayamba athamangira kwa omuzungulira asanatsegule pakamwa. Ukafunsa munthu pagulu, amene amayankha ndi gululo. Ndinawaika amayi pamalo oti sakanatha kunena china.

Kachiwiri ndinawapeza ali okha, ndipo anayamba ndithu. Anati, "Bambo ako aja sanali munthu wophweka." Ine, mmalo moti nditseke pakamwa, ndinalumphira. "Koma amayi, anapita kale, muwakhululukire, zakale zisakuvuteni." Ndinkati ndikuwatonthoza. Iwo anangoti, "Zoona mwananga," n'kufunsa za nyengo. Chitseko chomwe chinatseguka pang'ono ndinachikankha ndekha. Kunena zoona ndinachita mantha. Sindinkafuna kumva choipa cha bambo anga, ndiye ndinabisala kuseri kwa malangizo. Anzanga, mukadzamva pakamwa panu pakuyabwa kunena "pepani, iwalani" kapena "siyirani Mulungu" munthu asanamalize, dzifunseni kuti mukuteteza ndani.

Nthawi imeneyo tinkawerenga Conversazione in Sicilia la Elio Vittorini, la mu 1941. Silvestro, wogwira ntchito yosindikiza mabuku ku Milano, akubwerera kwa mayi ake ku Sicilia patapita zaka 15. Mayiyo akumuwotchera nsomba pamakala, ndipo macheza akuyambira pa chakudya, zomwe ankadya iye ali mwana, mavwende omwe mayi ankabisa. Pang'onopang'ono akufika pofunsa zomwe mwana safunsa mayi ake, ndipo mayiyo akuyankha ngati mkazi amene anali ndi moyo wakewake. Ndinaphunzirapo kuti khomo lolowera ndi laling'ono.

Ndinapempha mdzukulu amene amakhala nawo kuti aziwasiyira foni usiku, ndipo ndinkaimba m'bandakucha akukoleza moto, ena onse ali mtulo. Nthawi yotentha kuno ola limafanana ndi la ku Malawi, ndiye sizinkavuta. Sindinatchulenso Rivirivi. Ndinkafunsa kuti chitenje chawo choyamba anawagulira ndani, kusukulu ankadutsa njira iti, ndiwo za tsiku la ukwati wawo zinali chiyani. Akakhala chete ndinkawerenga chamumtima mpaka makumi awiri ndisanayankhule, ndipo nthawi zambiri ndisanafike pa khumi ankapitiriza okha. Mafoni a mphindi zisanu aja anayamba kufika ola. Ndinamva kuti anakhoza mayeso opita ku sekondale koma fizi inapita kwa mlongo wawo. Ndinamva dzina la mnzawo wapamtima amene anamwalira pobereka. Zonsezi zinali m'nyumba momwe ndinakulira.

Patatha miyezi iwiri anaibweretsa okha. Ndinkamva nkhuni zikuthetheka.

"Unandifunsa za Rivirivi."

Ndinati eya, amayi.

"Iwe unali ndi miyezi isanu ndi itatu. Inali February. Usiku umenewo bambo ako anandimenya koposa masiku onse. Kutacha iwo atapita kumunda ndinakubereka, ndinamanga zovala m'chitenje, ndinatenga achimwene ako padzanja. Ndimapita kwathu osabwereranso. Koma ndinachedwa. Ndinati nditsuke kaye mbale, ndisese, anthu asadzati ndinasiya nyumba yauve. Kumtunda kunagwa mvula usiku. Pofika pamtsinje ndinapeza wadzaza, madzi ofiira, akukokolola mitengo. Ndinakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka. Achimwene ako akulira njala. Ndiye ndinabwerera, ndinaphika nsima. Bambo ako mpaka kumwalira sanadziwe kuti ndinachokapo."

Ndinaluma chala kuti ndisayankhule. Ndinawerenga mpaka makumi awiri, ndinapitirira.

"Mawa lake madzi anaphwera. Koma mtima uja unali utapita."

Zaka zonsezo ife tinkaseka mawu amenewo, iwo n'kumaseka nafe.

Ndisakunamizeni kuti kucheza kotere kumakonza chilichonse. Carla Lonzi yemweyo mu 1980 anatulutsa Vai pure, macheza a masiku anayi omwe anajambula pa tepi ndi mwamuna amene anakhala naye zaka zambiri, wosema ziboliboli Pietro Consagra. Iye ankafuna kuti ubale wawo ukhale patsogolo, mwamunayo ankaika patsogolo ntchito yake ya luso. Anauzana zoona zokhazokha, ndipo mutu wa bukulo ukutanthauza "pita basi". Inenso zinandionekera. Amayi atandilola, ndinawauza achimwene. Anakwiya, anati ndikufukula manda a bambo, ndipo tinatha chaka chathunthu tikungopatsana moni wa pa WhatsApp. Panopa timayankhulana, koma nkhaniyi sitiikhudza. Ndamva kwa alamu kuti mawu a Rivirivi aja analeka kuwauza ana.

Musajambule munthu mawu mobisa, ndipo musatenge nkhani yake kukaigawa asanakuloleni. Zomwe ndalemba panozi amayi anavomera, anati mwina zithandiza mtsikana wina kuti asayambe watsuka mbale. Zina zambiri anati zikhale za awiri, ndipo zili choncho.

Agogo anatisiya mu 2022. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzalongedza katundu, ndipo tsiku lachitatu anandifunsa ngati mayi ake ankanena chilichonse za iye. Ndinamupatsa kope lija. Anakhala nalo pamasitepe mpaka kunja kunada.

Chaka chotsatira ndinapita kumudzi. Ndinali nditalemba zonse zomwe amayi anandiuza, masamba 31, m'Chichewa chawo momwe amayankhulira, ndi zilembo zikuluzikulu. Madzulo ena tinakhala kuseri kwa nkhokwe awiriwiri, ine n'kumawerenga, iwo akutongola chimanga. Sanandidule mpaka nditafika pamtsinje. Pamenepo ndinali nditawonjezera kachiganizo kamodzi kanga, kakuti anakhala pamwala akulira.

Manja anaima. "Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Ayi, fufuta. Sindinalire ine. Ndinkayang'ana madziwo, ndikuyeza ngati ndingawoloke ndi mwana mmodzi kumsana, wina paphewa."

Ndinafufuta, n'kulemba momwe ananenera. Anati ndiwerengenso kuyambira pomwe anamanga zovala m'chitenje.